Kandege ka pa Wotchi ya Overtoun

Loweruka pa 16 Novembala 1991, Overtoun Chavula sanafike ku Masasa mu Mzuzu, kwawo kwa Hilda Harawa, kumene ankayembekezeka 3 koloko masana kuti akaonekere kwa makolo a mkazi amene ankafuna kumukwatira.

Thenga wake, a Moses Luhanga, anafika nthawi yabwino. Anavala jekete ngakhale kunja kunkatentha, ndipo ananyamula mbale ziwiri zovundikirana, zokulungidwa m'kansalu koyera. Mwa mwambo thenga akanatha kubwera yekha. Koma bambo a Hilda, a Fyson Harawa, anali atanenetsa kuti mbalezo sadzazivundukula asanamuone mnyamatayo ndi maso awo. Mlongo wawo, ankhazi Lettie, azakhali a Hilda, anachita kuchokera ku Rumphi pa chifukwa chomwecho. Onse awiri sankamufuna Overtoun. Anamva kuti masiku ena a Sabata, m'malo mopita kutchalitchi, amatsikira ku Nkhata Bay kukamira m'nyanja ndi azungu, botolo la mpweya lili kumsana. Anamvanso kuti mu Ogasiti anamutengera Hilda komweko, namuveka chovala cha mphira cha miyendo ngati thalauzi, m'dziko loti mkazi wovala thalauzi ankatha kukathera kupolisi.

Hilda, mphunzitsi wa masamu wa zaka 27, anakhala pafupi ndi khomo lolowera kukhitchini, moyang'anizana ndi wotchi ya pakhoma. Itakwana 3:30 a Luhanga anayamba kukamba za kuchedwa kwa mvula. Itakwana 4 koloko nkhani ya mvula inawathera.

"A Luhanga," anatero ankhazi, "kasi mwatibweretsera munthu kapena mbale? Mwana wathu akwatiwa ndi mbale?"

"Ali m'njira, amama. Misewu yathuyi mukuidziwa."

"Kuchokera kwawo ku Geisha kufika pano ndi msewu umenewo? Ine ndi mawondo angawa ndafika kuchokera ku Rumphi."

Nthawi ili 4:35 panamveka odi pakhomo. A Luhanga anaimirira, nkhope itawala. Koma amene analowa anali Stella Makwinja, wotayipa makalata ku ofesi yoyeza malo kumene Overtoun ankagwira ntchito. Anali wochokera ku Blantyre, ndipo anakhalapo pa ubwenzi ndi Overtoun zaka ziwiri, mpaka 1989. Hilda ankadziwa zimenezi. Tsikulo Stella anavala diresi lachikasu losita bwino.

"Pepani akuluakulu, ndasokoneza," anatero akugwada pang'ono chabe. "Madamu Hilda, Ovi wandituma kalata."

"Ovi ndiye ndani?" anafunsa a Harawa.

"A Chavula, bambo. Ndazolowera."

Hilda analandira pepalalo, nafuna kulowa nalo kukhitchini.

"Yayi," anatero bambo ake. "Tonse tamudikira. Tonse timve."

Hilda anawerenga ndi mawu osakwera, osatsika.

"Hilda, m'mawa ndinalowa m'madzi ndi cholinga chotuluka msanga. Zinthu zinasokonekera, ndinafika mamita 37. Kompyuta ikuonetsa kandege ndi maola 22. Tanthauzo lake ukulidziwa. Sindingakwere ku Mzuzu lero. Undipepesere kwa adada ndi ankhazi. Ndibwera mawa. Overtoun, 11:15."

"Kandege?" Ankhazi anatembenukira kwa thenga. "Mwe, a Luhanga, simunatiuze kuti mkamwini wathu amabwera pa ndege kuchokera ku Nkhata Bay."

"Fotokoza, Hilda," anatero a Harawa. "Akuti ukudziwa."

Hilda anafotokoza akuyang'ana pansi. Munthu akakhalitsa pansi pa madzi akuya, mpweya wina umalowerera m'magazi, ndipo umatenga maola kuti utuluke. Akakwera pamalo okwera usanathe, mpweyawo umachita thovu m'thupi ngati soda wotsegulidwa mwadzidzidzi. Kandege ndi chizindikiro cha pa kompyuta yonga wotchi imene womira amavala pamkono, choletsa kukwera, kaya ndi pa ndege kaya ndi phiri. Ndipo Mzuzu ali pamwamba pa nyanja pafupifupi mamita 800.

A Harawa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayang'ana Stella.

"Inu munali komweko?"

"Tinamira limodzi, bambo. Lamulo lake ndi awiriawiri."

"Munafika kumene anafika iye?"

"Ndinayamba kufikako ndine."

"Nanga mwakwera bwanji kuno?"

"Pa lole ya nsomba, bambo. Ndipo ndili bwinobwino monga mukundioneramu."

A Harawa ananyamula mbale zija osamasula kansalu, naziika pamwamba pa kabati.

"Yewo, a Luhanga. Tamva."

Hilda anamuperekeza Stella mpaka pageti, osati chifukwa cha ulemu.

"Kalatayi inalembedwa 11:15. Munafika nthawi yanji mu Mzuzu?"

"Cha m'ma 1."

"Kuchokera kudepoti kufika pano ndi mphindi 20 wapansi."

"Ndinati ndikasambe kaye, Madamu. Sindikanalowa pa apongozi a eni ndikununkha usipa."

"Mwasamba maola atatu ndi theka."

"Madzi a kwathu ku Chibavi amatuluka modontha," anatero Stella, namwetulira.

*

Zomwe zinachitika m'mawa wa tsikulo ndi izi.

Overtoun ndi Stella analowa m'madzi 9:40, kuchokera m'boti la mzungu wina amene ankabwereketsa zipangizo zomirira ku Nkhata Bay. Anapangana zokhala pa mamita 10, m'miyala momwe mumasewera mbuna, kwa theka la ola basi. Kumira kosaya chotere kukanamulola Overtoun kupuma pagombe mpaka masana, n'kukwera basi ya 1 koloko.

Pamkono wake wamanzere panali kompyuta imene anagula mu 1990 kwa dokotala wina wa ku Holande amene ankabwerera kwawo. Anthu ankati ndi wotchi, iye n'kumakwiya. Inkaonetsa manambala atatu: kuya kwa pamene munthu ali, mphindi zimene watha m'madzi, ndi mphindi zimene zamutsalira kuti athe kukwera mpaka pamwamba osaima panjira. Stella analibe yake. Ankadalira ya mnzakeyo.

Pa mphindi ya 20 zonse zinali bwino. Kuya 10, zotsala 99. Kenako pansi pa mwala panatuluka kampango wamkulu, natsetsereka ndi khoma la miyala lolowera kwakuya. Stella anamutsata.

Overtoun anagogoda botolo lake ndi mpeni. Stella sanacheuke. Anagogodanso. Zipsepse za mphira za kumapazi a Stella zinkangochepera m'madzi obiriwira, mpaka zinatsala pang'ono kusowa. Overtoun anatukwana m'chopumira chake, thovu n'kukwera nawo matukwanowo, ndipo anatsika.

Pa mamita 24 madzi anazizira, nambala yachitatu n'kugwa kuchoka pa 99 kufika pa 21. Pa mamita 31 inali 11. Anamupeza Stella pa mamita 37, mutu uli m'phanga la kampango, akuseka m'chopumira. Pakuya pamenepo mpweya umaledzeretsa. Overtoun anamugwira phewa, namuonetsa chala chachikulu choloza kumwamba. Stella anavomera ndi mutu, koma sanasunthe. Paipi ya geji yake yoonetsa mpweya wotsala inali itapanika pakati pa miyala iwiri.

Zotsala 6.

Overtoun anakoka. Paipi sinatuluke. Anayesa kuipotoza, matope n'kudzuka, osaonanso kanthu. Anabweretsa mkono pafupi ndi maso.

Zotsala 4. Kenako 2.

Anakumba ndi mpeni m'munsi mwa mwala waung'onowo. Atayang'ananso, nambala yachitatu inali itachoka. M'malo mwake munali muvi, ndi mamita 3, ndi mphindi 5. Tsopano njira yolunjika pamwamba inali itatsekeka. Ankayenera kukaima pa mamita 3 mpaka kompyuta itamumasula, ndipo mphindi iliyonse imene ankachedwa pansipo inkawonjezera zina. Zisanu zinakhala zisanu ndi zinayi. Pamene paipi inkamasuka, pa mphindi ya 32, zinali 13.

Anakwera pang'onopang'ono, atamugwira Stella pa lamba. Kawiri konse kompyuta inalira kuti afulumira, ndipo kawiri konse Overtoun anamukokera mnzakeyo pansi. Pa mamita 3 anagwira chingwe cha nangula. Kompyuta inati mphindi 14.

Stella anali atatsitsimuka, ndipo kuseka kunali kutatha. Analoza geji yake. Muvi unali m'chigawo chofiira. Overtoun anamupatsa chopumira chachiwiri cha pa botolo lake, mmene munali mpweya wokwanira anthu awiri. Stella anapukusa mutu. Pansi pa boti pankaoneka bwinobwino, pafupi ngati denga la nyumba. Zitatha mphindi 4 anasiya chingwe. Overtoun anamugwira phazi, koma chimene chinatsala m'manja mwake chinali chipsepse chokha.

Anakhala pachingwepo yekha mphindi 10, chipsepse kudzanja lamanja, kompyuta kumanzere, akuwerenga nambala ikutsika imodziimodzi. Anatuluka 10:32. Atangokwera m'boti, pagalasi la kompyuta panabwera kandege, ndi nambala 22 pambali pake.

"Mukudziwa chimene mwachita?" anakalipa asanavule n'komwe botolo.

"Ndaona kampango."

"Mwadumpha mphindi 10! Lero simukwera phiri. Ngakhale ine, amene ndamaliza zanga, sindikwera."

"Ine sindilamulidwa ndi wotchi, Ovi. Madzi atha, ndatuluka, ndikupuma."

Mwini boti ananena zomwezo, kawiri, m'Chingerezi. Stella anangopukuta tsitsi. Overtoun anathamangira ku nyumba ya alendo kuti aimbe foni kwa oyandikana ndi a Harawa, koma foniyo inali isakugwira kuyambira Lachinayi. Pobwerera anapeza Stella atakwera kale kutsogolo kwa lole ya nsomba. Anamuchonderera kuti atsike. Atakana, anang'amba pepala m'kabuku kake, nalemba kalata, namupatsira pawindo.

*

Lamulungu pa 17, nthawi ili 2:10 masana, Overtoun anaima pageti la a Harawa atavala suti imene anakonzera dzulo lake. Amene anamulandira ndi ankhazi Lettie, ali ndi tsache m'manja.

"Monire, a kaputeni. Ndege mwaimika pati? Sitinaimve ikutera."

"Monire, ankhazi. Ndabwera kudzapepesa."

"Ankhazi anu ndani? Mbale zanu sizinavundukulidwe. Pano mulibe ankhazi."

"Amama, ndikanakwera dzulo ndikanatha kupuwala."

"Mnzanu uja anakwera. Anatigwadira pano ndi miyendo iwiri, natuluka ndi miyendo iwiri. Kapena mpweyawo umasankha amuna?"

A Harawa anatulukira pakhonde, magalasi ali m'manja. Sanamuuze mlendoyo kuti alowe.

"A Chavula, ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti zaka 31. Munthu akamadziteteza amabwera ndi mboni. Mboni yanu munaitumiza nokha dzulo, ndipo inakutsutsani."

"Mboni yanga yeniyeni ndi iyi, adada." Overtoun anatulutsa kompyuta m'thumba la jekete. "Imasunga zonse. Sinama."

"Ine wotchi za m'madzi sindiwerenga. Koma ndisanafike kumeneko, ndifunse. Tsiku loti mukaonekere kwa makolo, munapita kukatani kunyanja?"

"Ndinalonjeza kalekale kuti ndidzamuperekeza. Munthu samira yekha."

"Munalonjeza anthu awiri tsiku limodzi, ndipo mmodzi munamukwaniritsira." A Harawa anavala magalasi. "Mlongo wanga akukwera basi Lachitatu 7 koloko m'mawa. Asananyamuke, mbale zanu zidzavundukulidwa kapena zidzabwerera kwa a Luhanga. Mwana wanga amadziwa kuwerenga chinthu chanucho, ndipo pa manambala sakondera munthu. Akandiuza kuti mwanena zoona zokhazokha, ndidzamva. Hilda!"

Hilda anali pawindo la chipinda chake chiyambire. Sanatuluke.

"Lero ayi, adada. Lero ndikhoza kuchiphwanya. Mawa 4 koloko, kwawo."

*

Lolemba pa 18, Hilda anafika ku Geisha kutatsala mphindi zisanu kuti 4 koloko ikwane. Anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pa mpando wa pakhonde, chikwama chili pamiyendo. Overtoun anali ndi maso ofiira, malaya osasita.

"Hilda, usanayambe, umve ichi. Stella ali m'chipatala. Anamugoneka dzulo madzulo. Phewa linayamba kumupweteka Loweruka lomwelo, koma anabisa. Tsopano mkono wamanzere wachita dzanzi, ndipo miyendo ikulemera. Ndachokera komweko."

"Mwachokera komweko."

"Dokotala sanaonepo matendawa. Ndimamufotokozera."

"Chabwino. Ndiye kuti za kandege munanena zoona, a Chavula. Ndikawauza adada."

"Bwanji ukunditchula a Chavula?"

"Chifukwa Ovi ali ndi mwini wake. Bweretsani."

Overtoun anaiika patebulo. Hilda ananyowetsa zala ziwiri ndi malovu, nakhudza timabatani tachitsulo ta m'mbali, monga anamuphunzitsira iye mwini mu Ogasiti. Kompyutayo inkasunga maulendo asanu ndi anayi omalizira. Sinkalemba tsiku, sinkalemba dzina. Ulendo wa Loweruka unabwera poyamba.

"Mamita 37," anawerenga Hilda. "Mphindi 52. Muvi ulipo. Zikugwirizana ndi kalata yanu."

"Waona?"

"Sindinamalize."

Pansi pa galasi, kudzanja lamanja, panali nambala ina: 17:05. Hilda anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa cholembera ndi envelopu yakale.

"Munandiphunzitsa kuti malo awa amakhala opanda kanthu ngati munthu watha masiku osamira. Amalembapo pokhapokha ngati wabwereranso m'madzi mpweya wa ulendo woyamba usanathe m'magazi. Ndanama?"

Hilda anayala envelopu ija patebulo.

"Munalowa 9:40 Loweruka. Tichotsepo maola 17 ndi mphindi 5." Analemba, ngakhale yankho anali nalo kale. "4:35 madzulo, Lachisanu. Nthawi imeneyo chinthuchi chinkatuluka m'nyanja." Anakhudzanso timabatani. "Ndi uwu ulendo wake. Mamita 22, mphindi 46. Lachisanu munandiuza kuti mukupita kuti?"

"Ku Ekwendeni, kwa asibweni, amalume anga aja. Ndipo ndinapitadi."

"Ku Ekwendeni kuli madzi akuya mamita 22?"

"Hilda, ndinagona ku Ekwendeni. Ndinadzuka m'mamawa, ndinapeza matola a ku Nkhata Bay mu Mzuzu 7 koloko. Kafunse asibweni."

"Asibweni anu anganene kuti munali kumwezi mutawapempha. Ine ndikufunsa ichi, chimene munawauza adada kuti sichinama."

"Sinali pamkono wanga Lachisanu."

"Ehe! Inapita yokha."

"Ndinabwereketsa."

Hilda anaseka, kuseka kouma kumene kunachititsa mayi wa nyumba yoyandikana nayo kusiya kuanula zovala.

"Inu? Mu Ogasiti ndinakupemphani kuti ndivale ulendo umodzi wokha, pa mamita 8. Munandiuza chiyani? Kompyuta imodzi, thupi limodzi. Imawerenga magazi a amene waivala, ukasinthana ndi mnzako imasokoneza mawerengedwe. Munandikaniza ine pamaso pa mzungu wanu uja, ine n'kumaseka ngati chitsiru. Lero mukuti munabwereketsa?"

"Zinali zovuta kukana."

"Ine munandikana mosavuta."

"Si choncho."

"Ndiye tamverani mmene zilili, chifukwa njira zake ndi ziwiri zokha. Ngati munavala ndinu, munandinamiza, ndipo munagona kunyanja Lachisanu pamene mayi anga ankakolopa nyumba kukonzekera inu. Ngati anavala wina, ndiye kuti Loweruka munalowa m'madzi ndi chinthu chosenza mpweya wa munthu wina, mukudziwa. Zotsala zanu zinatha msanga chifukwa cha ameneyo. Mwa maola 22 aja, angati anali anu?"

"Ngakhale popanda za Lachisanu sindikanakwera. Mamita 37 si masewera. Taona Stella."

"Musandiuze kuti ndione Stella! Ndamuona kale, m'nyumba ya bambo anga, atavala diresi lachikasu! Mu Nkhata Bay monse munalibe kondakitala, munalibe wogulitsa nthochi, munalibe munthu wina aliyense woti n'kumupatsa kalata?"

"Ndi yekhayo amene ankadziwa nyumba."

"Ankaidziwa bwanji?"



"Lachitatu lapitali chinthuchi chinali patebulo lanu m'katimo," anapitiriza Hilda, mawu atatsikanso. "Ndinachiona pamene ndinkabweretsa tayi. Ndiye kuti wina anabwera m'nyumbamo Lachinayi kapena Lachisanu m'mawa, munamupatsa, anapita nacho kunyanja, nakubwezerani Loweruka musanalowe m'boti. Ndani?"

"Ndinalumbira kuti sindinena."

"Ndi Stella?"

"Sindinganene kuti ndi uyu kapena si uyu."

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Hilda, chonde. Si chinsinsi changa. Ndikanena, wina ntchito imuthera, mwinanso kuposa pamenepo. Masiku ano ukuwadziwa. Undipatse sabata imodzi."

"Sabata ndilibe. Ndili ndi mawa lokha. Adada anati ndikawauze ngati mwanena zoona zokhazokha. Ndikawauze chiyani? Kuti theka?"

"Ukawauze za Loweruka. Ndi zimene anafunsa."

"Mukundipempha kuti ndikabise nambala."

"Ndikukupempha kuti undikhulupirire."

"Ndinakukhulupirirani mpaka 4:35 Loweruka. Funsani wotchi ya pakhoma kwathu."

Hilda anaika kompyuta m'chikwama, natseka zipi. Overtoun anaimirira.

"Imeneyo ndikuifuna. Dokotala akufuna kuona kuya ndi nthawi."

Hilda anang'amba envelopu ija pakati. Pa theka loyera analemba ndi zilembo zazikulu za m'kalasi: mamita 37, mphindi 52, zoima pa mamita 3 zinali 14, wodwala anaima 4, anakwera ku Mzuzu pasanathe maola atatu. Anawerenganso, natsindika mzere pansi pa 4.

"Izi ndi zimene dokotala akufuna. Ngati wodwala wanu anamiranso Lachisanu, muwonjezerepo nokha, chifukwa moyo wake ungadalire pamenepo. Cholembera ndi ichi."

Anachigwira m'mwamba, kudikira. Overtoun anayang'ana cholemberacho, nayang'ana pepala. Anatenga pepala lokha.

"Mawa 5 koloko madzulo ndidzakhala pageti kwathu," anatero Hilda. "Mubwere ndi dzina. Mukabwera ndi china chilichonse, musavutike kusita suti."

*

Kunyumba ankhazi anamuchingamira pakhomo la khitchini.

"Wotchi yati vichi?"

"Sindinamalize kuwerenga, ankhazi."

"Iwe? Wa masamu iwe? Manambala angati ali m'kanthu kakang'ono ngati kabokosi ka machesi?"

"Yatsala imodzi."

Ankhazi anamuyang'anitsitsa, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni sananyoze.

"Mwana wa mlongo wanga, ine ndinakwatiwa ndi munthu amene nthawi zonse ankatsala ndi nambala imodzi. Ndinaidikira zaka makumi awiri. Lachitatu usandichedwetse basi."

*

Lachiwiri pa 19, nthawi yopuma ya 10 koloko, mayi wina wokolopa m'chipatala anafika kusukulu kwa Hilda ndi kapepala kopindidwa kanayi. Anati anapatsidwa dzulo madzulo poweruka, ndipo sanathe kubweretsa msanga. Zilembo zake zinali zokhota, zotsetsereka kumapeto kwa mzere uliwonse.

"Madamu, Ovi wandiuza kuti wotchi ili ndi inu ndipo mwawerenga za Lachisanu. Iye sakuuzani, ndikumudziwa. Bwerani nokha mawa masana, bedi nambala 6, ndikuuzeni amene anavala. Ine sindinalumbire kwa aliyense. Stella."

Hilda anawerenga kawiri. Chimene chinamupsetsa mtima kwambiri sichinali lonjezolo, koma chiganizo choyamba. Zimene anakangana pakhonde 4 koloko, pofika madzulo zinali zitafika kale pa bedi nambala 6.

Itakwana 12 koloko analowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, napempha foni. Ku ofesi yoyeza malo anamuuza kuti a Chavula sanabwere kuntchito, ndipo sanatumize uthenga. Anadutsira ku Geisha. Pachitseko panali loko. Mayi woyandikana naye uja anati sanamuone kuyambira dzulo, pamene anatuluka Hilda atangochoka.

Anafika kuchipatala 12:50, nthawi yoona odwala. Pa bedi nambala 6 panalibe munthu, panalibe nsalu. Matiresi anali atapindidwa pakati.

"A Makwinja?" anatero namwino, akutsegula buku lalikulu la pa tebulo. "Anyamuka m'mawa, 6:20, pa ambulansi ya ku Lilongwe. Miyendo inasiyiratu kugwira. Ndinu m'bale wawo?"

"Ayi. Anandiitana. Sanasiye uthenga?"

"Kwa ine ayi. Ine ndalowa 7 koloko."

"Anapita okha?"

"Wodwala wotere sapita yekha. Anzanga amene ndawalandira ntchito akuti panali bambo wina, anakwera kumbuyo limodzi nawo. Bamboyo anati ndi iye amene akufuna kuwakwatira."



"Anali wotani bamboyo?"

"Sindinamuone, mayi. Amene anamuona apita kwawo ku Mzimba, abwera Lachinayi."

"Dzina lake. M'bukumo muyenera kuti muli dzina."

Namwino anatembenuza bukulo kuti Hilda adzionere yekha. Tsiku linalembedwa. Nthawi inalembedwa, 6:20. Nambala ya ambulansi ndi dzina la dalaivala zinalembedwa. Pa mzere wa woperekeza wodwala panali mawu amodzi okha, olembedwa mothamanga: mwamuna.